Wodwala wa Pasofa ya Azakhali

Nditasiya koleji chaka chachiwiri, azakhali anga anati m'nyumba mwawo ku Woolwich, kuno kutsidya kwa nyanja, munthu sadya chaulere. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi kufunafuna luso, ndipo analipeza: ndinkadziwa kugona chagada. Ndi mmene ndinakhalira wodwala wa pakhomopo, udindo umene ndinaugwira mokhulupirika zaka zinayi, osachira ngakhale tsiku limodzi.

Azakhali ankasunga anamwino ongofika kumene kuchokera kumaiko a kwathu. Chipatala chikakuitana kuno chimakupatsa pogona miyezi yochepa, kenako uzionera wekha. Ife tinali ndi kachipinda kam'mwamba, koti ukatsegula sutikesi chitseko sichitsekeka. Lamulo linali limodzi: chipindacho ndi cha wodikira layisensi yogwirira ntchito ya unamwino kuno. Ukakhoza mayeso, tuluka, wakula. Ukalephera katatu, tulukanso, pakuti chipatala chimakuiwala, ndipo azakhali sankakonda kukumbukira munthu amene chipatala chamuiwala.

Mayesowo ndi sewero. Namwino amalowa m'chipinda n'kupeza munthu wolembedwa ganyu kuti adwale, ndipo pakona pamakhala woyesa ndi pepala lake. Chilichonse umachita ukuchitchula mokweza. Ukasamba m'manja osanena kuti ukusamba, ndiye kuti sunasambe. Ine ndinkagona pasofa kuti aziyeserera pa ine. Ndadwalapo chibayo, shuga ndi bala la pantchafu, ndipo kamodzi ndinali nkhalamba yosokonezeka mutu. Pamenepo anthu anati sindinavutike.

Chaka chachitatu kunabwera mayi wina wa imvi m'mbali mwa makutu, amene anayang'anira wodi ya amuna pachipatala china kwathu zaka zoposa makumi awiri. Tinkawatchula kuti asisitala. Anafika pakhomo pathu atalephera kamodzi, nalepheranso ali m'manja mwanga. Vuto lawo linali lalikulu: anali namwino. Akagwira dzanja langa ankangoti zii, kumvetsera. Ndikawauza kuti lero ndili ndi chifuwa, ankandikoka chikope n'kunena kuti chifuwa ndilibe, koma mowa ndichepetse. Ndinkawakumbutsa mwaulemu kuti wodwala ndine, matenda anga ndikuwadziwa.

"Kuno wodwala samuchiza, amamuuza," ankatero azakhali, amene m'wodi ankalowamo Lamlungu lokha, pokazonda odwala atanyamula mphesa.

Pofuna kuthandiza, ndinayamba kuwatsanzira asisitala ku tchalitchi, nthawi ya tiyi. Ndinkagwira dzanja la mkulu wa mpingo, kutsinzina ngati ndikulandira uthenga wakumwamba, kenako n'kumuuza kuti achepetse mowa. Anthu ankaseka mpaka kutaya tiyi. Asisitala ankakhala pomwepo, nawonso akuseka pang'ono, chifukwa woseka kwambiri anali mwini chipinda.

Tsiku la mayeso achitatu anabwerako dzuwa likadalipo. Anavula nsapato pakhomo, nakhala pansi n'kutifotokozera. Wodwala waganyu anali bambo wachizungu wojintcha, ndipo pepala linati ali ndi bala pamwendo, bala lapulasitiki lomata. Asisitala ataweramira balalo anaona kuti akakolo a bamboyo ndi otupa, kutupa kwenikweni. Anadina ndi chala, dzenje linatsala. Anamvetsera mmene ankapumira. Ndiye anayamba kumufunsa kuti amagonera mapilo angati, ndiponso ngati amadzidzimuka m'tulo akubanika. Bamboyo anaiwala sewero, nayamba kuyankha zoona. Belu linalira bala lapulasitiki lisanatsukidwe.

"Ndamuuza akaonane ndi dokotala sabata yomwe ino," anatero. "Mtima uja si wabwino."

"Ndiye wakupatsani malikisi angati bamboyo?" anafunsa azakhali.

Zotsatira zinabwera pa imelo patapita masiku angapo, koma azakhali sanazidikire. Anali atalonjeza kale chipindacho kwa mtsikana wina wobadwira ku Zimbabwe, mdzukulu wa anthu a ku Dedza. Mtsikanayo anafika Loweruka masana ndi masutikesi awiri atsopano. Asisitala anamuonetsa okha mmene hita yotenthetsera m'chipindamo imayatsidwira, kuti uyambe waimenya kumbali. Kenako anatsika n'kukhala pa sutikesi yawo m'kanjira ka pakhomo, kudikira mayi wina wa ku tchalitchi wa ku Romford amene anavomera kuwagoneka pansi masabata awiri. Za sabata yachitatu palibe anafunsa. Ndife anthu aulemu.

Azakhali sataya nthawi. Mtsikanayo atangomwa madzi, anandiitanira pasofa. Tsikulo ndinali ndi matenda a m'mapapo. Mtsikanayo analengeza kuti akusamba m'manja, popanda madzi, nandifunsa dzina ndi tsiku lobadwa ndi mawu okoma ngati a pawailesi. Kenako anandigwira pamkono ndi chala chachikulu, nayang'ana wotchi, natchula kugunda kwa mtima kwabwino koposa kumene ndinakhalapo nako.

Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula. Asisitala anayesetsa kupirira, ndinawaona akuyang'ana kumbali. Zinawakanika.

"Mwanawe, osati chala chachikulu. Ukumva mtima wako womwe."

Mtsikanayo anatembenukira kwa azakhali.

"Pitiriza," azakhali anatero. "Usamvere awo. Analephera."

Panja galimoto inaliza hutala. Asisitala anaimirira, nathokoza azakhali chifukwa chowasunga, nayamba kulimbana ndi sutikesi pamasitepe a pakhomo. Tayala limodzi linali lothyoka. Ndikanawanyamulira, koma ndinali ndikudwala.