Mtsempha Umene Ndinawonjezera pa Mtima

Ndikamva fungo la fumbi lonyowa ndi mvula yoyamba, ndimakumbukira kalasi yathu ya Sitandade 7 ku Kawale. Malata ankadontha pakona, mazenera analibe magalasi, ndipo utsi wa tchipisi wochokera kumsewu unkatipeza titakhala pansi, mimba zikulira. Tinalipo ambiri moti ukati utambasule mwendo unkaponda mnzako.

Chaka chimenecho sayansi ankatiphunzitsa Mayi Nyirenda, mayi wamfupi wa ku Mpoto, wosachedwa kuseka. Mabuku anali ochepa, ndiye anayamba kutionetsa timakanema pa foni yawo, kafoni kotopa komangidwa ndi mphira. Tinkapita kutsogolo khumikhumi, mitu ikugundana, kukaona phiri likulavula moto kapena mbewu ikumera. Ine ndinkaikonda nthawi imeneyo kuposa ya phala. Koma ahedi sankasangalala nazo. Ankati foni m'kalasi ndi masewera, ndipo anauza Mayi Nyirenda kuti mlangizi wa masukulu akadzabwera Lolemba n'kudzaona kuti sizikuthandiza, foniyo izidzatsala m'chikwama.

Lachisanu tinaonera mtima wa munthu ukugunda, magazi akulowa ndi kutuluka. Popeza ndinali katswiri wojambula, ndipo sindinkabisa, Mayi Nyirenda anandiimitsira kanemayo kuti ndikopere m'kope, n'kundipatsa chipepala chachikulu choti ndikajambulepo kunyumba. Ndinagwada pakhonde Loweruka lonse, amayi akuthamangitsa nkhuku kuti zisaponde. Sindinasiye kanthu, ngakhale kamtsempha kowonda kodutsa pakati pa mtima, ka nthambi zitatu, kamene anzanga aulesi sanakaone n'komwe.

Lolemba kunagwa chimvula. Ndinafika mochedwa, pepala nditalikulunga m'jumbo, mlangizi atakhala kale pampando ndi ahedi pambali pake. Mayi Nyirenda analimata pabolodi osaliyang'anitsitsa. Mlangizi uja, bambo wa imvi, anaimirira n'kuloza.

"Mtsempha uwu ndi wanji, mwana wanga?"

"Umapititsa magazi kumsana, bambo," ndinayankha mosaphethira, ngakhale ndinali nditangopeka pomwepo.

Mayi Nyirenda anayang'ana pepala, kenako foni yawo, n'kugwira pakamwa. Foniyo inali itagwa potsika minibasi sabata yathayo, tisanaonere kanema uja, ndipo galasi lake linachita kamng'alu ka nthambi zitatu. Ine ndinali nditajambula mng'aluwo, n'kuupaka ndi kofiira komwe. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Ahedi anangopinda manja, nkhope ikunena kuti ndinanena ine. Ndinachita manyazi osaneneka, komanso mantha kuti ndawagwetsera aphunzitsi anga m'mavuto.

Mlangizi atapukuta misozi ya kuseka, anandiuza kuti ndisiye mtsempha wangawo, ndimuonetse njira ya magazi. Ndinayamba kulondola ndi chala: kuchokera m'thupi, kulowa mbali ya kumanja, kupita ku mapapo, kubwerera kumanzere, n'kutulukanso. Sindinaloweze pamtima, ndinali nditawaona akuyenda. Anafunsanso ana ena atatu a kumbuyo, ndipo onse analondola njirayo. Ndiye anatembenukira kwa ahedi n'kunena kuti, "Musawalande foniyi. Koma galasili likonzedwe, lingatipatse madokotala a mitsempha yachilendo."

Foni inapitiriza kubwera mpaka chaka chinatha, ndipo anzanga ananditcha Dokotala wa Mng'alu mpaka kusekondale. Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ndinalakwitsa kwambiri, mlangizi anangondimvera chisoni. Pano ndimaphunzitsa sayansi ku Area 25, ndipo ndikudziwa kuvuta kwake kuti mwana ayang'anitsitse chinthu mpaka kuona kamzere kochepa ngati tsitsi. Bambo uja sanandimvere chisoni ayi. Anaona kuti m'kalasi yodontha ija munali ana amene ankayang'anadi.