Gadiyani Anali Ndani

Kwathu munthu wonenepa sadwala. Ndinakula ndikudziwa zimenezo, ndipo zaka zonse zimene ndakhala ku Joni ndikuphunzitsa masamu pa koleji ina ya m'tauni, thupi langa ndilo linkandilankhulira kumudzi. Ndikafika pa Khirisimasi amayi ankandizungulira, kunditsina mkono, n'kunena kuti, "Eya, Joni yakuyanja mwana wanga." Anthu ankati ndi thupi la ndalama. Sankadziwa kuti mwini thupi la ndalamalo ankapuma kawiri asanafike pa nsanjika yachitatu lifiti ya pa fulati yathu ku Hillbrow ikafa, ndipo lifiti imeneyo imafa ngati kuti ndiyo ntchito imene anailembera.

Inayamba ndi shuga, kenako kuthamanga kwa magazi, mawondo nawo n'kuyamba kudandaula. Ndinayesa zonse zimene anthu amayesa. Ndinasiya buledi, ndinayenda m'mamawa, ndinamwa madzi a mandimu mpaka mano kuyayamira, koma sikelo inkangondiyang'ana. Dokotala wanga, mayi wosadziwa kuzungulira nkhani, anandiuza kuti ndikapitirira chonchi ndidzayamba kutaya zala za kumapazi ndisanamere imvi. Anati pali opaleshoni yodula mbali yaikulu ya chifu kuti chitsale chaching'ono, munthu azikhuta msanga. Ndinakana kwa chaka chathunthu, kenako ndinavomera.

Sindinauze munthu aliyense, ngakhale amayi. Mayi amene anatilera ndi gaga chaka cha njala, ndikanayamba bwanji kuwauza kuti ndikukadulitsa chifu chifukwa chakudya chandichulukira? Koma chifukwa chenicheni chinali achimwene anga. Iwo ndiwo anayamba kubwera kuno, ankawotcherera zitsulo ku Jeppestown. Anabwerera kumudzi atawonda, malamba ataboola mabowo atsopano, akungonena kuti, "Ndili bwino, ndi ntchito chabe." Amayi ndiwo anali gadiyani wawo kuchipatala cha boma. Miyezi iwiri anagona pansi pa bedi pa chitenje, kuwaphikira phala kunja, kuwasambitsa, kuwatembenuza, mpaka tsiku limene anatuluka m'chipatalamo ndi beseni ndi mphika basi. Kuyambira pamenepo, mawu akuti chipatala ndi akuti kuwonda sindinkawatchula amayi ali pafupi.

Tsiku la opaleshoni ndinapita ndekha ndi kachikwama. Namwino wachizulu amene ankalemba mapepala anandifunsa kuti adzanditenga ndani ndikatuluka. Ndinati galimoto yoitanitsa pa foni. Anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala, kenako anasiya kuseka n'kunena kuti, "Eish, sisi." Ndinamuuza kuti alembe zimene ndanenazo, sindinabwere kudzamvetsa anthu chisoni.

Nditatsitsimuka, kukhosi kunali gwa, pamimba pali timabala tisanu tomatidwa ndi pulasitala. Anandipatsa madzi m'kakapu kamene amaperekera mankhwala, n'kundiuza kuti ndizingonyowetsa lilime. Chipinda chinali choyera, chaphee, makina okha akulira. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinadzikoka mpaka m'mphepete mwa bedi, ululu uli tho, n'kusuzumira pansi. Panali masilipasi anga okha.

Masabata oyamba kunyumba anali a madzi okhaokha: msuzi wosefa, yogati wosungunula, tiyi wopanda shuga. Kenako anandilola kaphala kamadzimadzi, masupuni atatu, ndipo atatuwo ndinkalimbana nawo theka la ola. Madzi osamwa pamodzi ndi chakudya. Kutafuna mpaka nsagwada kutopa. Anandiuzanso kuti ndiziyenda, ndiye ndinkayenda m'khonde la nsanjika yathu, uku ndi uku, nditakumbatira pilo pamimba. M'khonde mmenemo ndimo munali mayesero. Khomo lina akukazinga nsomba, lina anyezi, lina nyama ya m'mafupa yawira kuyambira m'mawa. Tsiku lina ndinapusa, ndinagula ntchafu ya nkhuku pa kona nthawi yake isanakwane. Ndinangoluma kawiri. Ndinathera masana onse pansi m'bafa, thukuta lili kamukamu, ndikudzitukwana ndekha m'zilankhulo zitatu.

M'bafa mmenemo ndimo ndinazindikira chinthu chimene dokotala sanandiuze. Chakudya ndiye anali mnzanga ku Joni. Ndikaweruka, anzanga a kuntchito aliyense ankathamangira kwa ana ake, ine ndinkathamangira tchipisi ndi nkhuku. Loweruka lalitali ndinkalidula ndi kuphika. Ndikasowa kwathu ndinkadya, ndikakwiya ndinkadya. Tsopano mnzangayo ndinali nditamuthamangitsa ndekha, ndipo m'fulati munatsala ine, firiji yopanda kanthu ndi phokoso la mataxi pansi pa zenera. Ndinasungulumwa koopsa, ndipo panalibe woti ndimuuze popeza palibe amene ankadziwa.

Amayi ankaimba Lamulungu lililonse masana pa foni imene ndinawagulira, ndipo amakonda kuonana nkhope. Ndinawauza kuti kamera yanga yafa. Anati ndikakonzetse. Ndinati akatswiri a kuno ndi akuba. Bodza limeneli ndinalisenza miyezi inayi, thupi likutsika, masiketi akuzungulira okha m'chiuno, khungu la m'mikono likulendewera. Shuga inatsika mpaka dokotala anandisiyitsa mapiritsi ake. Ndinkafika pa nsanjika yachisanu osapuma. Koma tsitsi linayamba kuthothoka, zimene amati zimachitika ndithu thupi likamasintha msanga, ndipo ndinkamva kuzizira ngakhale dzuwa lili phwee. Ndinayamba kumanga duku.

Mwezi wachisanu ndinabwerera kutchalitchi. Timapemphera Amalawi okhaokha m'chipinda cha pamwamba pa galaja ina ku Jeppestown, ndipo tikamaliza timadyera pamodzi. Nditalowa, nyimbo inachita ngati yapunthwa. Kale amayi a mumpingo ankandilandira ndi mawu akuti, "Koma aphunzitsi mukudya bwino." Tsiku limenelo anangoti, "Mwasowatu," maso ali pakhosi panga pamene mafupa anali atayamba kuoneka.

Mtsogoleri wa amayi ndi mayi wina wachikulire wochokera boma limodzi ndi ine, amakhala ku Ivory Park ndipo amagwira ntchito m'nyumba ya azungu. Iwowo ndiwo anandipakulira. Anaunjika mpunga phiri, nkhuku ziwalo ziwiri, kabichi pambali. Ndinadya masupuni anayi n'kuika mbale pansi, chifukwa lachisanu likanabwerera pomwepo anthu akuona. Potulutsa mpango m'chikwama, kabokosi kanga ka mavitamini kanagwa, kaja kokhala ndi zipinda za masiku a sabata. Wina anakatola n'kundipatsa ndi manja awiri. Palibe anafunsa kanthu. Ife sitifunsa, timayang'ana, kenako timakupempherera. Ndipo pemphero lotsekera linalidi la mlongo wathu amene akuyenda m'chigwa, kuti Ambuye amulimbitse mtima alandire zimene zamugwera.

Pa masitepe mayi aja anandigwira dzanja. Analankhula motsitsa mawu. "Musachite manyazi, mwana wanga. Masiku ano mankhwala alipo. Ena a ife tikumwa zaka ndi zaka, taonani thupi langali."

"Ine sindikudwala, amayi. Zimenezo zikhale zanu."

Ndimo mmene ndinayankhira. Pakamwa pangapa pamatsogola nzeru zikubwera m'mbuyo. Munthu wamkulu anali atangondivulira chinsinsi chake kuti ndisakhale ndekha, ine n'kumuponyera kumaso. Anasiya dzanja langa pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Pepani aphunzitsi." Ndinakwera taxi manyazi atandigwira, komabe zoona sindinanene. Kuvomera kuti ndinadzidulitsa dala kunkandilemera kuposa kuganiziridwa matenda.

Tsiku limenelo wina anajambula chithunzi cha gulu, ndipo chithunzi cha Amalawi sichifuna pasipoti. Lachitatu m'mawa, ndikumanga duku kuti ndizipita kuntchito, foni inalira. Amayi saimba Lachitatu.

"Yatsa kamera."

"Amayi, paja ndinati—"

"Ndati yatsa. Ndakuona kale pa foni ya anthu."

Ndinayatsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Sanalire. Anatembenuza foni kuti ndione pafupi ndi chitseko, pamene panali beseni, m'kati mwake kamphika, kapu, supuni ndi zitenje ziwiri, zonse zomangidwa ndi nsalu. Ndinalidziwa beseni limenelo.

"Ndamanga kale," anatero. "Undiuze basi yoti ndikwere. Mchimwene wako anandinamiza mpaka tsiku lomaliza. Iwe usandinamize, ndilibe mwana wina."

Apo ndiye ndinaulula zonse. Ndinakweza bulauzi n'kuwaonetsa zipsera zisanu zija. Ndinafotokoza za shuga, za zala za kumapazi, za chifu chimene chinatsala chaching'ono. Ndinawaonetsa kabokosi kaja n'kuwawerengera dzina la piritsi lililonse. Ndinatuluka ndi foni m'manja, kutsika masitepe mpaka pansi n'kukweranso, ndikulankhula njira yonse kuti amve kuti mpweya ulipo. Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa. Ndinkadikira kuti anene kuti ndapenga, kuti Joni yandizunguza mutu, kuti anthu akusowa chakudya ine ndikutaya chifu.

Sananene chilichonse cha zimenezo. Anafunsa kuti, "Anakugoneka tulo pokudulapo?"

"Eya."

"Unakhalamo masiku angati?"

"Atatu."

"Gadiyani anali ndani?"

Ndinayesa kuseka. "Kuno kulibe zimenezo, amayi. Salola munthu kugona pansi pa bedi. Anamwino amachita zonse, chakudya chimabwera chokha."

"Sindinafunse za anamwino. Pamene unkatsegula maso, unaona nkhope ya ndani?"

Ndinakhala pa sitepe. Wina ankatsika ndi ndowa ya zinyalala, ndinamupatsa njira.

"Panalibe, amayi."

"Kunyumba anakuphikira phala ndani?"

"Ndinkaphika ndekha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva uthenga umene amauyembekezera. Kenako anati, "Ine ndili moyo, mwana wanga n'kudzuka pa mpeni yekhayekha ngati wamasiye." Pamenepo ndiye analira. Sanalire kuwonda kwanga, sanalire chifu. Ndinkaganiza kuti ndikuwateteza ku beseni lija, osadziwa kuti ndawalanda chinthu chokhacho chimene akanatha kundichitira. Ndinapepesa, koma anangopukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti ndichedwa kuntchito.

Lamulungu lotsatira ndinakwera mataxi awiri kupita ku Ivory Park kukapepesa kwa mayi aja. Ndinawaonetsa zipsera nawonso. Anandikhululukira ndi pakamwa, anandipatsa tiyi, ndinamwa theka. Mpaka lero amandipatsa moni mwaulemu, koma dzanja langa sanaligwirenso.

Tsitsi linameranso. Ndikudya kambale kakang'ono tsopano, nyama ndikuitha ndikaitafuna bwino, ndipo madiresi onse ndinakabweza kwa telala. Madzulo m'fulati mukadali zii, ndipo masiku ena ndimatsegula firiji n'kuima pamenepo osafuna kanthu.

Amayi sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinafunse. Koma kuyambira sabata imeneyo amaimba tsiku lililonse nthawi ya nkhomaliro. Ndimatseka chitseko cha ofesi, kuimika foni pa mulu wa makope a ana asukulu, n'kutsegula kabokosi ka chakudya. Salankhula zambiri. Amangondiyang'ana ndikudya, nthawi zina n'kunena kuti, "Tafuna bwino, usathamange," kapena, "Madziwo dikira kaye." Ndikamaliza amati, "Chabwino," n'kudula. Kumbuyo kwawo, pafupi ndi chitseko, beseni lija likadali pomwepo, ndipo sanalimasule.