Ndinasutira m'chigafa cha bambo

Fodya anandilanda sukulu ndili Fomu 3, ndipo ndine ndinamupatsa ndi manja anga. Sindikufuna kuti wina andimvere chisoni, ndatopa nazo zimenezo. Ndikungofuna kuti inu owerenga, makamaka anyamata anzanga a kumidzi yolima fodya, mumve mmene zinayendera.

Kwathu ndi kufupi ndi Nsaru. Bambo anga ndi mlimi wa fodya wa bale, komanso ndi mkulu wa mpingo. Pakhomo pathu chilichonse chinachokera mu fodya: malata a nyumba, njinga, ngakhale yunifolomu imene ndinkavala. Koma kusuta linali tchimo lalikulu. Bambo ankakonda kunena kuti fodya ndi wolima, si wosuta, osuta ali kunja kwa dziko ndipo ntchito yawo ndi kutipatsa ndalama. Ankanena zimenezi akuseka, ine ndi mlongo wanga tili kalikiliki kusoka masamba, manja ali bii ndi utomoni. Chifukwa chake choti tisasute sanatiuzepo.

Ndinayamba ndili Fomu 1 pa sekondale yoyendera. Palibe anandikakamiza. Anzanga ankagula ndudu imodzimodzi pamsika poweruka, ine nkumapempha kuti andisiyireko kakumapeto. Posakhalitsa ndinayamba kugula zanga. Ndudu imodzi inali yotchipa ngati switi, ndipo ogulitsa sankafunsa kuti uli ndi zaka zingati.

Kenaka zinthu zinayamba kusintha. Pa wailesi ankanena kuti boma silikufuna kuti achinyamata azisuta. Tsiku lina kusukulu kunabwera mayi wina wa zaumoyo ndi chithunzi cha mapapo akuda ngati makala. Ife tinangoseka. Mnzanga wina wamwano anaimika dzanja nkufunsa kuti ngati fodya ndi woipa chonchi, bwanji boma lomwelo limatumiza alangizi kuti makolo athu alime wambiri. Mayi uja anamuyang'ana nkuti, "Mwana wanga, ine ndabwerera mapapo ako. Za ndalama ukafunse ena." Kalasi yonse inaombera m'manja mnzathu uja, ine patsogolo. Tinkaona ngati tapambana.

Ndudu zinakwera mtengo, ankati ndi msonkho. Aphunzitsi aakulu analengeza kuti wopezeka akusuta achotsedwa sukulu. Ngakhale a Che Amidu, mwini golosale imene tinkagulako, anayamba kutikaniza. Nditapita ndekha ndi ndalama m'manja anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Iwe, si mwana wa akulu ampingo iwe? Ukawauze bambo ako abwere adzagule okha, ndiwapatsa yaulere." Anthu anaseka. Ndinatuluka ndikuwatukwana chamumtima.

Apa mpamene ndinayenera kusiyira. Koma ndinaganiza kuti ndine wochenjera kuposa boma. Iwo atseka golosale, koma kodi atseka chigafa cha bambo anga? Fodya anali lendelende pakhomo, waulere. Ndinayamba kuthothola tsamba louma, kulifikisa m'manja, nkulikulunga m'pepala. Chingambwe chimenechi ndi chaukali kuposa ndudu ya m'sitolo, ndipo chinandigwira msanga. Ndikapanda kusuta mutu unkawawa, m'kalasi sindinkamva kanthu.

Vuto linali pobisalira. Kumudzi maso ndi ambiri, ndipo mwana wa mkulu wa mpingo aliyense amamudziwa. Ndiye ndinapeza nzeru imene ndinkainyadira kwambiri: kusutira m'kati mwa chigafa momwemo, pakati pa masamba opachikidwa pa mikangala. Munthu sakuona, ndipo fungo la fodya lili kale paliponse, palibe angadabwe. Inu owerenga amene munakulira mu fodya mukudziwa kupusa kwa zimenezi. Mwana aliyense kwathu amaphunzira asanayambe sukulu kuti moto suyandikira chigafa. Ngakhale mayi ankasonkha moto wawo kutali, kuseri kwa nyumba. Ine ndinkadziwa bwinobwino, koma chibaba chikakugwira, zimene umadziwa sizigwira ntchito.

Linali Lamlungu masana, mvula itayamba kudula, fodya atauma bwino, tikuyembekeza kuyamba kusankha. Kutchalitchi kunali mgonero, ndiye mapemphero anatalika. Ine ndinanamizira mutu nkutsala pakhomo. Ndili m'chigafa ndikusuta, ndinamva munthu akuodira kubwalo. Ndinataya chingambwe chija pansi, pa zinyenyeswa za masamba, nkupondapo kamodzi, nkutuluka. Anali mnansi wofuna kubwereka pampu ya njinga. Nditamupatsa ndinamuperekeza mpaka kumsewu, tikucheza za mpira.

Pobwerera ndinaona utsi. Fodya wouma ndi denga la udzu sizidikira munthu. Anthu anathamanga kuchokera kutchalitchi, azimayi atavala zoyera zawo za chigwirizano, atasenza zidebe za madzi, koma pamene ankafika nkuti denga litagwa kale. Mudzi wonse unkatsokomola. Bambo anaima poteropo ndi jekete yawo ya Lamlungu, buku la nyimbo lili m'manja. Ntchito yoyambira ku nazale, kuthirira ndi makheni, kuokera, kuthyola, kusoka, yonse inathera pamenepo ife tikuona.

Sindinaulule kuti ndine. Mawa lake bambo anayamba kukayikira munthu wina amene anakangana naye za malire a munda, ndipo anavala nsapato kuti apite kukamufunsa. Mayi ndiwo anawaimitsa pakhomo. Anati, "Musakachimwire munthu wosalakwa. Funsani mwana wanuyu chimene chimaboola malaya ake." Ankaona timabowo ta moto pochapa, koma ankaopa kunena. Ndinavomera ndili chiweramire. Ndinkayembekeza ndodo, mwinanso ndinkaifuna. Bambo anangovula nsapato zija nkulowa m'nyumba.

Fodya ameneyo ndiye anali fizi yanga, ndiyenso anali wobwezera feteleza amene bambo anatenga pa ngongole. Anagulitsa mbuzi ndi njinga. Ine kusukulu anandibweza, ndipo sindinadandaule, ndinkati ndi chaka chimodzi chokha. Ndinagwira ntchito ngati ng'ombe. Mitengo ya chigafa chatsopano ndinadula ndine, udzu ndinamweta ndine, kumunda ndinkayamba kufika ndine. Ndinkati bambo akaona thukuta langa mtima wawo ubwerera.

Chaka chotsatira fodya anachita bwino. Mabelo atagulitsidwa ndinadikira kuti anditchule, koma sananditchule. Ndinalimba mtima nkuwafunsa za sukulu ali pakhonde. Sanakweze mawu. Anati, "Ya mlongo wako ndalipira. Yako unasuta." Anapitiriza kukonza khasu lawo.

Lero anzanga aja analemba mayeso, ena ali ku Lilongwe. Ine ndimayenda maganyu osoka ndi kusankha fodya wa eni, mpaka ku Kabudula ndi ku Kasiya. Choipa kwambiri nchakuti kusuta sindinasiye. Ndayesa kangapo, ndalephera. Ndimasutira kudambo, kutali ndi chilichonse chimene chingayake, ndipo m'mawa ndimatsokomola ngati nkhalamba.

A boma ndingowauza kuti malamulo anu ndi abwino, koma amathera pamsika. Mwana wa mlimi safuna golosale kuti asute. Bwerani kumidzi nthawi yokolola, mukalankhule ndi makolo, chifukwa fodya wathu ali pamwamba pa mitu yathu. Makolo, musamangoti ndi tchimo. Muuzeni mwana chimene fodya amachita, ndipo mukaona zizindikiro musakhale chete chifukwa cha mantha.

Anyamata anzanga, ngati simunayambe, musayambe, ngakhale kakumapeto ka mnzanu. Akakukanizani kugula, musafune njira ina, amene wakukanizaniyo wakuchitirani chifundo. Ngati munayamba kale, uzani munthu wamkulu lero lomwe, akukalipireni, mwina akumenyeni. Zimenezo zimatha tsiku limodzi. Ine bambo sanandikalipire ngakhale pang'ono, ndipo mpaka lero sindinabwerere m'kalasi.