Kangaude Wanga wa mu Mkuyu

Mvula yoyamba ikanunkhitsa dothi, ine ndimaona botolo la jamu pawindo la nyumba yathu ku komboni ya njanji, mkati muli kangaude wanga, wakuda, waubweya, akali mwana. Ndinamugwira ndekha, ine, kuseri kwa khungwa la mkuyu wa m'njira ya kumtsinje, anzanga onse atathawa. Funsani aliyense wa nthawi imeneyo muno mu Kafue, ngati alipo wotsala.

Anali ndi mtima wakewake. Ukamupumira, ankaimika miyendo yakutsogolo ngati wankhonya. Akadzidzimuka sankathawira pansi ayi, ankakwera, padzanja, pamkono, mpaka m'khosi, ngati iwe ndiwe mtengo. Ine mawu anga ndi aakulu chibadwire, amayi ankati ndimaposa sitima ya malasha, koma pomunyamula ndinkakhala duu, ndayala chikhatho, iye akuyenda yekha, tizikhadabo take tikundikanda pang'onopang'ono. Palibe munthu anandikhazikapo chete chomwecho, ngakhale aphunzitsi amene ndinawathawa. Inali nyengo ya inswa, ndipo ndisanapite kukatunga madzi kumpopi ndinkamuponyera ziwiri zamoyo.

Ndiye anasiya kudya, sabata yathunthu. Tsiku limene ndinasonkhanitsa ana a asodzi kuti adzaone chilombo choyenda pamkono panga, ndinamupeza ali chagada, miyendo m'mwamba. Manyazi ake! Ana aja akuseka, ndinamutosa ndi udzu, ndinagwedeza botolo, ndinamukuwira kuti adzuke. Pomaliza ndinati wafa, n'kumukhuthulira pansi. Nkhuku ya amayi sinachedwe.

Ba Mweemba, msodzi amene ankabweretsa nsomba kwathu, atamva anapukusa mutu. "Iwe mwaice, anali kuvula chabe chikopa. Ukanamuleka, mailo, kukacha, akanauka wamkulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndinazungulira mkuyu uja mpaka inswa zinatha, kusenda makungwa, koma wina sindinamupeze.

Manje fakitale ya nsalu imene ndinakuliramo pantchito anaitseka, makina ali zii, salaula wa zovala zakale zochokera kunja wadzaza msika, mkuyu anauotcha makala. Masana onse ndimagona chagada pamphasa, akazi anga, amake Tisa, akundigwedeza phazi kuti ndidzuke ndikafune pisiweki, kaganyu kalikonse. Ndimawayankha mokweza, oyandikana nafe amve, kuti andileke, mwina ndikuvula. Koma kunena zoona, pa msinkhu wanga uno sindidziwa ngati kunsi kwake kuli chikopa china.