Ulendo wa ku Katete umene sitinapite

Mwana wathu wamkazi, amene ndi namwino ku Durban, anaimba foni Loweruka lina ndikuchapa. Anati watigulira matikiti a sitima ya pamadzi, ine ndi atate ake. Ndinamufunsa kuti sitimayo ikatitula kuti. Anaseka, nati kulibe kumene ikatitula: imanyamuka, imayenda pa nyanja yamchere masiku angapo anthu akudya, kugona ndi kuvina momwemo, kenako imabwerera pamene inachokera. Ndinapukuta thovu m'manja n'kukhala pa chidebe. Ine wa ku komboni ya Chifubu, madzi ambiri amene ndinali nditaonapo ndi a mtsinje wa Kafubu ukasefukira, ndi a Luangwa pa windo la basi.

Amuna anga anagwira ntchito zaka zambiri yosunga zipangizo pa fakitale ina kuno ku Ndola, ndipo ku tchalitchi ndi mkulu wa mpingo. Ndi munthu amene sangapite ngakhale ku msika osayamba waganiza kuti nanga mvula ikagwa, nanga nsapato ikaduka. Nkhani ya sitima inawapatsa ntchito imene ankaisowa chipumireni. Anayamba kuonera pa foni sitima zomira zokhazokha. Anakwera basi mpaka ku Kitwe kukasaka mu salaula, mogulitsa zovala zakale, majekete oyandamitsa munthu pamadzi, n'kubwera nawo awiri onunkha nsomba. Masana ankathira madzi m'beseni langa lochapira, n'kuviikamo nkhope kuti aphunzire kusunga mpweya, kenako n'kuvuuka akutsokomola ngati mbuzi yomwetsedwa mankhwala. Mpunga tinayamba kudya ndi foloko ndi mpeni, kuti tisakachititse mwana manyazi pamaso pa azungu.

Mwanayo ankayesa kuwakhazika mtima pansi. "Adadi, tengani zovala ndi pasipoti chabe. Majekete ali momwemo, dokotala ali momwemo, palibe amene adzayang'ana m'mbale mwanu." Iwo ankayankha kuti nkhanga zinapangana kusanapse, n'kudula foni. Zonsezi ine ndinkangoseka, chifukwa nanenso mantha ndinali nawo, ndipo kuseka amuna anga kunkandipeputsa.

Kuseka kunatha tsiku limene anakhazikitsa lamulo lakuti munthu aliyense wa ku Chifubu asadziwe. Anati ulendo sauulutsa. Anandikumbutsa za mnzawo wa ku fakitale amene anauza aliyense kuti kampani ikumutumiza kunja kukaphunzira, ndipo kutatsala pang'ono mwendo unatupa, m'malo mwake munapita wina. Anati anthu amaseka ndi mano okha, mumtima muli zina. Tikauza anthu kuti tikupita kwathu ku Katete kukaona abale, palibe amene adzatichitire nsanje, pakuti ndani amasirira fumbi la ku Katete?

Munthu wanzeru zake uja anaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa kwathu amadziwa. Kuno ku migodi, ukanena kuti ukupita kumudzi, ulendowo suli wako wekha. Pokhala mkulu wa mpingo anayenera kupempha chilolezo, ndipo Lamlungu analengeza m'tchalitchi, natipempherera kuti tiyende bwino pa msewu wa kum'mawa. Lolemba katundu anayamba kufika. Uyu shuga wa azakhali ake, uyu sopo, uyu nsapato za mdzukulu zokulunga m'nyuzipepala, wina chitenje cha apongozi ake. Mpingo wathu pafupifupi wonse ndi wa anthu a kum'mawa, ndipo aliyense ali ndi wake kumeneko amene akudikira kanthu. Pabalaza panadzaza, ife tikulandira ndi manja awiri n'kumati musadandaule, zikafika.

Kuseri kwa mpanda wathu kunkakhala mnzanga, mayi wamasiye wogulitsa tomato ndi tinsomba touma ta kapenta pa msika. Tinakhala moyandikana zaka zoposa makumi atatu. Mchere ukandithera sindinkagogoda kwake, ndinkangolowa. Apongozi anga atamwalira m'nyumba mwathu, ndi iye amene anandithandiza kusambitsa thupi, achibale akadali m'basi. Kwawo kunali ku Katete komweko, mudzi woyandikana ndi wa amuna anga.

Iye ndi amene anaona kuti ndikuwonda. Zoona, tulo sindinkalipeza bwino, ndikamaganiza za madzi opanda gombe pansi pa bedi langa. Anandipeza ndikusesa pamalo amodzimodzi, n'kundilanda tsache.

"Ba neba, n'chiyani? Muopa msewu?"

Ndinati inde, ndikuopa ulendo.

"Awe mwandi, msewu uja anaukonza manje. Mapiri a ku Luangwa mungodutsa muli mtulo. Mukhale pakati pa basi, osati kumbuyo. Muleke kuganiza kwambiri, mudzadwala musananyamuke. Ulendo uli ngati mimba, tsiku likafika ufika chabe."

Anandikhazika pa mpando, nandifululira tiyi m'khitchini mwanga momwe. Masiku otsatira ankabwera akaweruka ku msika kudzandiseketsa, kundiuza kuti ndisadye zamafuta m'mawa wa ulendo, kuti nditafune jinja mtima ukayamba kuchita nseru. Mantha anga ankachepadi akamalankhula. Koma akatuluka ndinkamva ngati ndadya chakudya cha mwana wodwala.

Kutatsala masiku ochepa anabwera atasenza thumba la mbewu ya chimanga, thukuta lili kamukamu. Analitula pakhomo, nati ndi la amayi ake, lifike mvula isanakhazikike. Kenako anandikokera kuseri kwa nyumba, kumene amuna anga sakanamva.

"Mbewu si nkhani. Nkhani ni iyi. Alongo anga pa foni amangokamba kuti amayi ali bwino, ali bwino, koma sawapatsa foni kuti nikambe nawo. Mtima wanga sukhazikika. Mukafike pakhomo, muwaone ndi maso anu, muwagwire dzanja. Mukabwera mudzaniuze zoona. Ena anganinamize, koma imwe simunganinamize."

Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti chabwino.

Madzulo amenewo ndinayambitsa nkhaniyi kwa amuna anga. Ndinati mayi uyu yekha ndimuuze, sangatichite choipa. Anati ukauza mmodzi wauza Chifubu yonse, makamaka munthu wa pa msika. Ndinawakumbutsa amene anasambitsa amayi awo. Anati zimenezo anathokoza kale. Za katundu ndisavutike, anali atakonza zonse: tikafika ku Lusaka adzapereka kwa kondakitala wa basi ya kum'mawa, ndipo mphwawo wa ku Katete adzalandira n'kugawa khomo ndi khomo. Analankhula monyadira, ngati munthu amene wapeza njira yowolokera mtsinje osanyowa.

"Nanga maso anga?" ndinawafunsa. "Nawonso muwapereka kwa kondakitala?"

"Tidzati tinawapeza ali bwino. Nkhalamba iliyonse imakhala bwino pang'ono, kudwala pang'ono. Sitidzanama kwenikweni."

Alangizi anatiphunzitsa kuti nkhani ya m'nyumba mwamuna akaitseka, mkazi saitsegulira pa mpanda. Ndinasunga mwambo umenewo. Anatiphunzitsa kusunga ulemu wa mwamuna, koma palibe anatiuza kuti ulemuwo nthawi zina amalipira ndi mnzako amene sanalakwe kanthu.

Tsiku lonyamuka mnzangayo sanapite ku msika m'mawa. Ananyamula sutikesi yanga pamutu mpaka pokwerera minibasi, akudabwa kuti ikulemera chiyani, osadziwa kuti pansi pake pali majekete onunkha nsomba aja. Anandipatsa kapulasitiki ka jinja ndi mandimu. Ine ndinamupatsa makiyi a nyumba kuti azithirira ndiwo zanga ndi kuyatsa getsi lapanja. Basi ikunyamuka anafuula kuti ndikapereke moni kwa onse, amuna anga n'kukweza dzanja mwaulemu ngati bishopu.

Za sitimayo ndinganene chiyani? Inali yaikulu kuposa chipatala, yoyera, yodzaza ndi zakudya zimene sindidziwa maina ake. Nyanja inali bata. Palibe amene anayang'ana mmene tikugwirira foloko, ena ankadya ndi manja. Majekete sanatuluke m'sutikesi. Tsiku lachiwiri amuna anga anali ataiwala mantha onse: anavala kabudula, anavina ndi agogo achimwenye, anadya mpaka kumasula lamba. Ankandigwira phewa n'kumati, "Mwaona? Zinthu zikakonzedwa bwino zimayenda bwino." Mwana wathu ankatijambula akusangalala kuti wapumitsa makolo ake, ndipo iye ndilibe naye mlandu. Ine mtima unachita nseru tsiku loyamba, ndinatafuna jinja uja ndipo unaleka. Ndinakhala pampando ndikuyang'ana madzi, ndikuganiza za nkhalamba ya ku Katete imene ndimayenera kuigwira dzanja.

Pobwerera amuna anga anali ndi nzeru ina yotsiriza. Ku Lusaka anandilowetsa mu msika kukagula mtedza ndi nyemba, chifukwa munthu sachoka kumudzi chimanjamanja. Anasankha mtedza waung'onoung'ono, wosasankhidwa bwino, kuti uoneke wa m'nkhokwe. Anauthira m'thumba lakale limene anachoka nalo ku Ndola ndi cholinga chimenechi. Ndinaima pambali ndikuona mkulu wa mpingo akupaka fumbi pa thumba.

Tinafika ku Chifubu masana. Ndiwo zanga zinali zobiriwira, pabwalo posesedwa. Tisanamasule katundu mnzanga analowa ndi makiyi. Sanakhale pa mpando wake wa masiku onse, anaima pafupi ndi chitseko. Amuna anga anamulandira ndi mawu okweza, namuthirira mtedza m'mbale.

"Kumudzi onse ali bwino. Amayi anu tinawaona, akupatsani moni. Mbewu anabzala kale."

Iye sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana ine, nadikira.

"Mbewu inafika, zikomo," anatero potsiriza. "Anabweretsa ni mlamu wanu. Alongo anga atamufunsa kuti alendo ali kuti, anati ali pa sitima ku Joni, akulu ake anamuuza okha pa foni. Mudzi wonse udziwa. Anakamba kuti sitimayo ili ndi dziwe losambiramo pamwamba."

Ndinatembenukira amuna anga. Iwo anayamba kukonzakonza mtedza m'mbale. Ndiye kuti chinsinsi chimene chinandiwondetsa ine, iwo anali atachiulula kale kwa abale awo, mpaka za dziwe, chifukwa ulemerero wotere sukanatheka kuumeza wonse. Oyenera kubisiridwa anali a ku Chifubu okha, amene timadya nawo, kulira nawo maliro ndi kusiyira makiyi.

Mnzanga anaika makiyi pa tebulo pafupi ndi mbale.

"Ba neba, mukananiuza, nikanavina. Mu laini yathu yonse palibe amene anaonapo nyanja. Nikanakuperekezani ndi nthungululu." Mawu ake sanakwere. "Koma munaona kuti nikadziwa, mwendo wanu udzatupa. Zaka zonse izi nilowa m'khitchini mwanu, kansi munali kuniona mfiti."

Anatuluka osatenga mtedza. Amuna anga anati azimayi amakonda kukulitsa nkhani, mawa adzaiwala.

Sanaiwale. Ndinapita kwake mawa lake, anandilandira bwino, anandipatsa mpando wa alendo, anandifunsa za mwana. Nditayamba kufotokoza anati palibe mlandu, nadzuka kukaona poto amene sanali pamoto. Moni tinkapatsana pa mpanda, koma mchere ukandithera ndinayamba kupita ku kantemba kukagula. Ku tchalitchi nkhani inamveka, azimayi anzanga ankandifunsa ndi nkhope zoongoka kuti ku Katete nyanja inali bwanji. Zimenezo ndinazipirira, chitonzo sichipha. Chimene chinkandidya ndi mpanda uja, umene kale sindinkauona n'komwe.

Amayi ake analidi odwala kwambiri, alongo aja ankabisa. Ndikanafika pakhomo paja ndikanaona, ndipo iye akanapita msanga. Anadziwa mochedwa, chimanga chitayamba kale kumasula. Zimenezi sanandiuze iye. Ndinamva kwa mayi wina wa pa msika, nditapeza pa tebulo la mnzanga pali munthu wachilendo akugulitsa kabichi. Anati tebulo analigulitsa, nyumba anabweza kwa mwini wake, ndipo ananyamuka dzana kupita ku Katete kukasamala amayi ake, sadzabweranso. Laini yonse anaitsanzika khomo ndi khomo. Pa khomo lathu lokha anadutsa.

Nditafika kunyumba ndinawauza amuna anga. Anali pakhonde akuonetsa mnzawo wa mpingo zithunzi za pa sitima, pakuti tsopano panalibenso chobisa. Anandimvetsera, nagwedeza mutu ngati munthu amene mawu ake atsimikizika.

"Mwaona," anatero. "Nayenso waphunzira kuti ulendo sauulutsa."

Ndinapita kuseri kukaanula zovala, ndipo m'nyumba ya mnzanga munali kale anthu ena akukokera mipando, akulankhula Chibemba. Mayi wa m'menemo anandiona pa mpanda, anandipatsa moni, nandifunsa ngati anthu a mu laini ino ndi abwino.