Chasesi Ndiye Mayi

Ine Elisha Jonasi Jere, wa zaka 76, mphunzitsi wopuma ndiponso mkulu wa mpingo kuno ku South Bend, ndikulembera inu a Kamwendo, bwenzi langa, popeza lero chakwana chaka chitisiyireni.

Ndikukumbuka tsiku lija m'galaja yanu ku Indianapolis, mutagona pansi pa galimoto yakale ya mpikisano imene anakupatsani kuti mukonze, mukupukuta ndi mswachi nambala ya chasesi, chitsulo chonyamula thupi lonse la galimoto. Munati itachita ngozi kalekale, injini yake anaiika m'galimoto ina. Ndinafunsa kuti yeniyeni tsono ndi iti. Inu Mchewa munaseka, nimunati, "A Jere, chasesi ndiye mayi. Injini ndi mkamwini chabe." Ine Mngoni wolowola ndinatsutsa kuti mwana ndi wa kuchimuna, ndipo sitinagwirizane.

Tsopano eni galimoto ziwirizo onse akupempha kope limene munalembamo mipikisano imene galimoto yakale ija inathamanga, pakuti yopanda mbiri idzangokhala chitsulo wamba. Munandisiyira udindo wogawa katundu wanu, koma kufikira lero sindimvetsa kuti chitsulo chingakhale bwanji ndi mayi. Komabe katunduyo ndi wanu, choncho ndatsata mwambo wa kwanu.

Masipanala apite kwa mwana wanu Yohane.
Ovolosi isungidwe ndi mayi a Yohane.
Kope lipite kwa mwini chasesi, ngakhale mtima wanga ukadali ku injini.