Nkhwangwa Yolira M'mwamba

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali mu Sitandade 6, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, anthu akulowa m'boma lathu la Mwanza ndi mitolo pamutu. Ambiri ankapita kumisasa, koma ena ankapempha malo m'midzi. Kwathu, m'mapiri a kwa Kanduku, bambo anapereka chigawo cha munda wathu wa kutsidya kwa khwawa kwa a Zuze, mwamuna wamtali, wosalankhulalankhula, yemwe anafika ndi mwana mmodzi yekha, Rozita. Amayi a Rozita anatsalira m'njira, ndipo palibe amene ankafunsa zambiri.

Ine ndi Rozita tinagwirizana tsiku loyamba lomwe. Iye anandiphunzitsa manambala a Chipwitikizi, ine ndinamuphunzitsa kugenda mango. Kusukulu tinkakhalira mwala umodzi pansi pa mtengo, poti makalasi anali atadzaza.

Mavuto anabwera ndi azakhali anga, a Nachisale. Anali mayi amphamvu, manja ndi pakamwa pomwe. Akayamba kulankhula ngakhale nkhuku zinkasamuka pabwalo. Tsiku lina m'mawa, akuyanika mphale pakhomo pathu, anaona a Zuze kutsidya akudula chitsa. Anaima n'kugwira m'chiuno.

"Tabwerani mudzaone malodza kuno! Nkhwangwa ikamenya mtengo, zii. Ikakwera m'mwamba, ndiye gu! Munaionapo nkhwangwa yolira m'mwamba inu?"

Tinathamangira tonse, ndipo zinalidi momwemo. Pofika madzulo nkhani inali itakafika ku Thambani pa njinga, itamera kale miyendo ndi mchira. Ankati a Zuze ali ndi mankhwala a kunkhondo, n'chifukwa chake zipolopolo zinkawalambalala. Anthu anasiya kuwapatsa moni. Azakhali anauza bambo kuti munthu ameneyu apite kumsasa, apo ayi iwo sadzapondanso pakhomo pathu. Bambo anga anali munthu wabwino, koma mlongo wawoyo ankamuopa kuposa njoka. Anawoloka khwawa n'kukauza a Zuze kuti achoke sabata ikamatha. Ine ndinalira mpaka maso kutupa.

Aphunzitsi athu, a Kamwendo, anaona kuti Rozita wangowerama tsiku lonse, ndipo anandifunsa ine. Nditafotokoza anaseka mpaka kuvula magalasi, koma atayang'ana Rozita kuseka kunatha. Loweruka m'mawa tinangowaona akukankha njinga pa chitunda chathu, thukuta lili kamukamu. Anthu a m'mudzi anasonkhana okha, poti nkhani ya ufiti siifuna kuitanira.

Aphunzitsi sanakangane ndi azakhali. Anayamba ndi kuwatamanda.

"Mayi, maso anu ndi akuthwa, zomwe mwaonazo n'zoona. Koma akatswiri a sayansi akaona chodabwitsa sathamangira kulengeza. Amapempha anzawo kuti ayesenso, ndipo nkhaniyo siisindikizidwa anzawowo asanaipende. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani nkhwangwa ya pakhomo pano, mupite kutsidya mukadule chitsa chija nokha, ife tikuoneni."

"Mukuyesa ndingaope?" anatero azakhali. Anamanga chitenje zolimba, nkhwangwa paphewa, ulendo.

Tinawaona akutsetsereka, kusowa m'mabango, kenako kutulukira kutsidya atachepa ngati chidole. A Zuze anawapatsa malo mwaulemu. Azakhali anamenya chitsa. Zii. Anakweza nkhwangwa, ndiye gu! Pabwalo panali phwete! Agogo ena anagwa pa mpando, ana tinagubuduka m'fumbi. Azakhali, posadziwa chomwe tinkaseka, anawonjezera mphamvu, ndipo nkhwangwa ya bambo anga, yomwe tinkawazira nkhuni tsiku ndi tsiku, inapitiriza kulira m'mwamba.

Atabwerako, a Zuze akuwatsatira pambuyo, azakhali anakana kwamtuwagalu. Anati tapangana. Ndiye aphunzitsi anatumiza bambo kutsidya, kuti azakhali aone ndi maso awo. Bambo atamenya kawiri katatu, azakhali anagwira pakamwa.

"Achimwene! Inunso?"

Kuseka kutachepa, a Kamwendo anatifotokozera. Anati kuwala ndi phokoso zimanyamuka limodzi nkhwangwa ikamenya, koma kuwala kumafika m'maso nthawi yomweyo pomwe phokoso limatsalira m'mbuyo likuwoloka khwawa. Likamafika m'makutu, wodulayo amakhala atakweza kale nkhwangwa. Anatikumbutsa za mphezi, kuti timaona kung'anima kaye, kugunda n'kubwera pambuyo. Anatinso palibe chinthu chomwe chingapitirire kuwala pa liwiro, kaya ndi ndege kaya ndi chipolopolo.

Ine ndinali mwana wa mafunso, wotopetsa akuluakulu. Ndinati, "Nanga ndikakwera njinga yanu n'kutsetsereka chitundachi tochi ili m'manja, kuwala kwake sikungathamange kuposa kwa tochi ya munthu woima?"

Aphunzitsi anakanda m'mutu. Anati ayi, liwiro la kuwala silisintha, kaya wonyamula tochi akuthamanga kaya waima, ndipo akatswiri anayesa kambirimbiri n'kupeza chimodzimodzi. "Usandifunse chifukwa chake lero," anatero. "Inenso zimandizunguza mutu." Aka kanali koyamba kumva munthu wamkulu akuvomera pagulu kuti china chake chamukanika, ndipo ndinawakonda kwambiri chifukwa cha zimenezo.

Bambo, manyazi atawagwira, anauza a Zuze kuti za kumsasa zija aziiwale, munda ndi wawo. Rozita ananditsina pamkono mpaka kupweteka, chimwemwe chokhachokha. A Zuze anawomba m'manja n'kuthokoza m'chilankhulo chawo kuti, "Ndatenda." Azakhali, omwe sankadziwa kupepesa, anapepesa mwa njira yawo, mokalipa.

"Inunso a Zuze, munthu wamkulu ndithu, bwanji osadziteteza? Anthu akukunenani ufiti, inu kungokhala chete?"

A Zuze anayang'ana pansi, n'kumwetulira pang'ono.

"Mayi, ine chibwerereni ndimakuonani muli kuno mukusinja. Munsi wanu ukagwa mumtondo, zii. Ukakwera m'mwamba, ndiye gu! Tsiku ndi tsiku. Ine ndimati kaya ndi momwe amasinjira ku Malawi. Ndine mlendo, ndikanafunsa ndani?"

Anthu anasekanso, azakhali nawo anaseka mpaka misozi. Koma ndinaona bambo anga sanaseke. Miyezi yonse ija mlendoyu ankaona malodza omwewo pakhomo pathu, ali ndi mwana wake wamng'ono yemwe ankadya kwathu masana aliwonse, ndipo sanamuletsepo kubwera.

Lero ndine mphunzitsi wa sayansi kusekondale, ndipo za liwiro la kuwala ndimazifotokoza chaka ndi chaka, ngakhale zina zimandizunguzabe mutu ngati a Kamwendo. Ana ndimawauza kuti chomwe waona uli pamalo ako usachilengeze mnzako asanachiyese, ndiponso ufunse yemwe waima kutsidya kuti iyeyo akuona chiyani. Chomwe ndinachimvetsa nditakula n'chakuti ife ndi a Zuze tinaona chinthu chimodzimodzi, pa khwawa limodzi. Ife eni mudzi tinachitcha ufiti n'kufuna kuthamangitsa munthu. Iwo, omwe anali atataya nyumba ndi mkazi, anangoti anzathuwa ndi momwe alili, n'kupitiriza kutipatsa moni.